"Give way" si kunena kuti wamng'ono athawe

Abale anga a ku Salima, mawu awiri a Chingerezi awa tawapotoza kwambiri pamsewu, ndipo zikundiwawa.

Dzulo masana ndinali pa Kaphatenga, pomwe timakhotera popita ku Nkhotakota. Mnyamata wa kabaza ananyamula mayi wina, beseni la usipa lili pamiyendo, akuyenda kumbali kwake bwinobwino mumsewu waukulu. Mwadzidzidzi lole inatulukira m'kamsewu kafumbi, liwiro osachepetsa, hutala ili piii! Mnyamata uja pothawa anakagwera m'mbali, usipa wonse mbwee m'dothi. Dalaivala n'kusuzumira pawindo amvekere, "Iwe, sudziwa give way?" Koma woyenera kudikira anali iyeyo!

Mawuwa amatanthauza kupereka mpata kuti mnzako ayambe wadutsa. Chikwangwani chake ndi chija cha makona atatu, chozondoka, chofiira m'mphepete. Ku America amati "yield". Chikakhala kutsogolo kwako, uchepetse liwiro, uyang'ane uku ndi uku. Ngati kukubwera wina uime, ngati kuli zii pitirira. Apa ndi pomwe chimasiyana ndi Stop, poti pa Stop umaima ndithu ngakhale msewu uli mbee. Wochokera m'kamsewu kakang'ono amadikira wa mumsewu waukulu. Pa raundabauti, ife oyenda kumanzerefe timadikira wochokera kudzanja lamanja. Pa mizere yowolokera, woyenda pansi ndiye ayambe. Palibe pomwe lamulo limafunsa kuti galimoto yako ili ndi matayala angati.

Koma kwathu kuno lole imaopseza minibasi, minibasi imaopseza wanjinga, wanjinga naye amakaliza belu pa agogo oyenda ndi ndodo. Pitani pa timilatho topapatiza ta msewu wa M5 mukaone: amene wayamba kulowa amabwezedwa ndi mnzake chifukwa choti mnzakeyo ndi wamkulu thupi.

Chonsecho khalidwe lopatsana mpata si lachilendo kwa ife. M'kanjira ka kudambo ukakumana ndi mayi wasenza mtolo wa nkhuni, umapatukira m'udzu wekha, osadikira chikwangwani. Tinaphunzira tili ana.

Inu a sukulu zophunzitsa kuyendetsa galimoto, chonde mawuwa muziwamasulira m'Chichewa, osangoloweza kuti munthu akhoze mayeso. Atsogoleri a kabaza pa Kamuzu Road, nanunso khalani pansi ndi anyamata anu.

Mayi aja tinawathandiza kutola usipa, koma wambiri unali utadzaza mchenga. Anati mpamba wake unali wa ngongole ya ku banki m'khonde.