Kamunthu ka timizere ndi galu wake

Anzanga, pali katuni ina yomwe ndaisunga mufoni kwa masabata atatu tsopano, ndipo sikundichoka m'mutu. Amene anaijambula sindikumudziwa, koma zikuonekeratu kuti si katswiri. Mutu wa munthu wake ndi kabwalo kokhotakhota, thupi ndi mzere umodzi, miyendo ndi timizere tiwiri tosalingana.

Ili ndi mabokosi anayi. M'bokosi loyamba kamunthuko kajambula galu, kaponya chithunzicho pagulu la anthu okonda zojambula, ndipo kakumwetulira. M'lachiwiri kakhala pampando, maso ali pafoni, pansi pa galuyo palembedwa 0. Lachitatu likufanana ndi lachiwiri. M'lachinayi mwabwera like imodzi yokha, kamunthu kadumpha mpaka mutu kutulukira kunja kwa bokosi.

Nditamuonetsa mnzanga wina anaseka, n'kunena kuti bokosi lachitatu ndi ulesi chabe, wojambulayo anangokopa lachiwiri n'kumata. N'zoona kuti anakopa, ngakhale kadontho komwe kanagwera pakhoma mwangozi kali m'mabokosi onse awiri. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumbuyo kwa kamunthuko kuli windo. M'bokosi lachiwiri pawindopo pali dzuwa, m'lachitatu apakapo zakuda bii. Ndi chokhacho chimene chasintha. Mkono uli pomwe unali, khosi lapindika momwe linapindikira, kapu ili patebulo yosakhudzidwa. Kunja kwada munthuyu asanasunthe. Wojambula waluso akanafuna kutionetsa luso lake, akanasintha kakhalidwe, akanaika thukuta pachipumi kapena wotchi pakhoma, ndipo akanaononga zonse. Kudikira kuti anthu akuyamikire kumaoneka momwemo ndithu, tsiku limapita iwe uli chikhalire.

Chinthu chokha chimene chili ndi mtundu m'katuni yonseyo ndi chala chachikulu cha like chija. Anachipaka buluu, ndipo ndi chachikulu kuposa mutu wa munthuyo. Ndinayeza ndi chikhadabo pasikirini, mutu ungalowe m'chalacho kawiri.

Tsopano za galu, chifukwa apa ndi pamene mtima wanga uli. Galuyo ndi chinthu chojambulidwa bwino kwambiri pa zonse. Ali ndi ubweya wa timizere tating'onoting'ono, mchira wopindikira m'mwamba, lilime lili panja. Munthu anamupatsa mizere isanu, koma galu anamuthera nthawi. Ndiye mukafika m'bokosi lachinayi, galu mulibemo. Chala chija chakwirira pamene iye anali. Kamunthu kakusangalala, koma chimene kanakonda n'kuchijambula chasowa, ndipo sikakudziwa n'komwe.

Mnzanga uja anati galu anasowa chifukwa malo anachepa m'bokosimo, wojambulayo sanaganize zonsezi. Mwina. Koma malo atachepa, anali ndi zinthu ziwiri zoti asankhepo, ndipo anachotsa galu n'kusiya chala. Kaya anachita dala kaya ayi, dzanja lake linanena zoona. N'chifukwa chake ndimakana anthu akamati kufukula tanthauzo m'timakatuni totere n'kutaya nthawi. Katswiri amadziwa kubisa. Wophunzira sanafike podziwa kubisa, ndiye chimene chikumudya mumtima chimangotulukira pamzere.

Zojambula za mtundu umenewu sizinayambe dzulo. Cha m'ma 2008 kunabuka makatuni omwe ankatchedwa rage comics, ojambulidwa mothamanga ndi pulogalamu ya Paint ija yomwe yakhala ikubwera ndi Windows kuyambira 1985. Nkhope yoseka mwachipongwe ya Trollface inajambulidwa ndi Carlos Ramirez chaka chomwecho, pa Paint pomwepo. Kunabweranso nkhope ina yotupa, yogwetsa misozi uku ikumwetulira, ya munthu amene palibe womufuna, ndipo anthu ankangoitenga n'kuimata m'nkhani zawo. Sunkafunika kudziwa kujambula. Unkangofunika kukhala ndi kena kake kokuchititsa manyazi komwe ukufuna kuti wina akuuze kuti nayenso zinamuchitikira. Ndipo mu February 2009, patangopita miyezi yochepa Trollface itajambulidwa, Facebook inabweretsa batani la like. Njala yofuna kuyamikiridwa inalipo kale, anthu akhala nayo chiyambire, koma kuyambira pamenepo inapatsidwa nambala yoti aliyense aziiona.

Mmodzi mwa anthu amene anagwira ntchito yopanga batanilo ndi Leah Pearlman. Pambuyo pake anayamba kujambula makatuni, ndipo anali a timizere omwewa. Mu 2018 anauza BBC kuti anafika poyeza ulemerero wake potengera kuchuluka kwa ma like amene walandira. Zinafika poti analemba munthu wina ntchito yomuyang'anira tsamba lake la Facebook kuti iye asamalione. Tangoganizani, munthu amene ankadziwa bwino momwe chinthucho chinapangidwira, chinamugwirabe. Nanga mwana wa zaka 16 amene wajambula galu wake woyamba? Mu 2017 Sean Parker, yemwe anali pulezidenti woyamba wa kampaniyo, ananena poyera kuti ankadziwa kuti akugwiritsa ntchito kufooka kwa munthu kofuna kuvomerezedwa ndi anzake. Instagram nayo inayamba kuyesa kubisa chiwerengero cha ma like mu 2019, kuyambira ku Canada, koma pofika 2021 inangosiyira munthu aliyense kuti asankhe yekha kubisa kapena ayi.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti katuni yodandaula za ma like nayo inaponyedwa pagulu, ndipo pansi pake pali nambala. Ena amati chimenechi n'chinyengo, ukudzudzula chinthu chomwe iwe mwini ukuchisaka. Ine sindikuona chinyengo. Munthu wodwala akamafotokoza matenda ake sitimuuza kuti ayambe wachira kenako alankhule. Wojambulayu anadzijambula yekha ali mumsampha, ndipo mosakayikira atangoponya anakhala pampando womwewo, khosi lopindika momwemo, windo n'kuda kumbuyo kwake. Anadziwa kuti zikhala choncho koma anaponyabe. Pamafunika mtima kuti uuze gulu la anthu osawadziwa kuti ndikufuna mundikonde.

Kusekako sindikuletsa. Nanenso ndinaseka mutu uja utaboola denga la bokosi, ndipo tinakangana nthawi yaitali ngati kapu ija ili ndi chogwirira kapena ndi khutu la munthuyo lomwe linajambulidwa pamalo olakwika. Kuseka kotero n'kwabwino chifukwa kumafuna kuti uyambe wayang'anitsitsa. Chimene chimandipweteka ndi chala chimene chimadina like chikuthamangira chithunzi chotsatira, maso asanaone n'komwe kuti pawindo pada. Wojambulayo amalandira nambala yake, inde, koma zimene anaika m'chithunzicho palibe waziona, ndipo mawa lake amafunanso nambala ina yokulirapo chifukwa yoyambayo sinamukhutitse.

Like ndinadina. Kenako ndinamutumizira uthenga wojambulayo, ndipo sindinanene za chala kapena za windo. Ndinamuuza za khutu lakumanzere la galuyo. Ndi lopindikira kutsogolo pang'ono pomwe lakumanja laima njo, ndipo pansonga pake pali kong'ambika. Khutu lotero silichokera m'mutu mwa munthu. Amene analijambula anakhala pansi ndi galu weniweni n'kumuyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinamufunsa dzina la galuyo.