Idi si holide kuno ku Joni, koma tsiku limasinthanitsika

Kuyambira Malichi mpaka Meyi, chisanu chikamayandikira, kalendala ya kuno imadzaza ndi masiku a tchuthi: 21 Malichi, Lachisanu Loyera, Lolemba la Pasaka lomwe amalitcha Family Day, 27 Epulo ndi 1 Meyi. Zaka zino Idi yomasula Ramadani ikugweranso nyengo yomweyi, ndipo apa mpomwe abale athu achisilamu amapunthwa. Kumudzi Idi ndi tchuthi cha boma. Kuno ayi. Mukangojomba osanena, abwana akhoza kudula ndalama ya tsikulo, kalata ya chenjezo pamwamba.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti lamulo la Public Holidays Act la 1994 limalola wantchito ndi bwana wake kugwirizana kuti holide ya boma isinthanitsidwe ndi tsiku lina. Msilamu atha kugwira Lachisanu Loyera n'kupuma pa Idi, livi yake osaikhudza. Koma dziwiranitu izi: mukasinthanitsa, Lachisanu Loyera lija lasanduka tsiku wamba kwa inu, ndiye malipiro owirikiza kawiri omwe amaperekedwa pa holide musawayembekezere. Mikangano yambiri ya kumapeto kwa mwezi imachokera pomwepa. Ena amathamangira masiku atatu a livi ya zapabanja, koma amenewo ndi a maliro kapena mwana akadwala, a mapemphero mulibemo.

Vuto lina ndi mwezi. Tsiku la Idi limadziwika usiku wake mwezi ukaoneka, pomwe ndandanda ya mashifiti kushopu kapena kufakitale imatuluka kale. Pemphani Ramadani isanathe theka, mutchule masiku awiri otsatizana, munene kuti mutenga limodzi lokha. Lembani, ngakhale pa WhatsApp, ndipo yankho mulisunge. Mawu apakamwa a supavaiza ndi ovuta kuwatsimikiza nkhani ikafika ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya antchito ndi mabwana.

Akhristu, musati izi sizikukukhudzani. Mnzanu wa ku Mangochi akakugwirirani shifiti ya Pasaka, inu mum'gwirire ya Idi, bwana savuta chifukwa ntchito siima. Ine ndimaona kuti kugwirizana kumeneku kumaposa kudandaula.

Amayi ogwira m'nyumba za Ayuda ku Glenhazel ndi Sydenham, yanu ndi Pesach, Pasaka wa Ayuda, wa masiku asanu ndi atatu. Mlungu wa m'mbuyo mwake ntchito imachuluka: kukolopa makabati, kutsuka uvuni, kuchotsa kanyenyeswa kalikonse ka buledi, n'kutulutsa mbale ndi mapoto osungidwira nyengoyi basi. Musalowe ndi buledi kapena masikono kukhitchini. Mabanja ambiri amasalanso chimanga ndi mpunga, choncho nsima muphikire m'poto wanu kuchipinda kwanu, ndipo funsani adona musanagwire chiwiya chilichonse. Maola owonjezera a mlungu umenewo muziwalemba tsiku ndi tsiku.

Okonzekera ulendo wakumudzi pa Pasaka, masiku anayi sakwana. Msewu wa N1 umadzaza ndi mabasi a mpingo wa ZCC opita kulikulu lawo ku Moria, ndipo pa boda ya Beitbridge mzere umatha kukugonekani pomwepo musanaone n'komwe Nyamapanda ndi Mwanza. Onjezerani livi, isainidwe musanagule tikiti ku Park Station. Ndipo 14 Meyi, tsiku la Kamuzu, kuno ndi tsiku la ntchito.