Chopin sanali yekha

Zikomo alembi potiuza za achinyamata a ku Warsaw amene akufukula nyimbo zakale za ku Poland zomwe zinaiwalika. Kunena zoona, ine ndinkangodziwa Chopin, wopeka nyimbo za piyano, basi, ngati kuti dziko lonselo linabereka wopeka nyimbo mmodzi yekha.

Taonani za wopeka nyimbo wina, Ignacy Feliks Dobrzyński. Anaphunzira kwa Józef Elsner nthawi imodzi ndi Chopin. Mnzakeyo anakafika ku Paris mu 1831 n'kutchuka, iye anatsalira kwawo pansi pa ulamuliro wa Russia. Symphony yake yachiwiri (nyimbo yaitali ya gulu lalikulu la oimba ndi zida) ndinaimvera pa YouTube usiku wina magetsi atazima, foni nditaiimika pa kapu patebulo. Chigawo chomaliza chili ndi kayendedwe ka krakowiak, gule wa ku Kraków, ndipo ndinangozindikira phazi langa likugunda pansi lokha.

Kuiwalikako sikundidabwitsa. Nyimbo ya piyano imangofuna munthu mmodzi ndi chipinda. Symphony imafuna oimba ambirimbiri, holo, ndalama ndi wosindikiza mapepala ake, pomwe dziko la Poland linafafanizidwa pa mapu kuyambira 1795 mpaka 1918. Holo ya nyimbo ya Warsaw Philharmonic inatsegulidwa mu 1901, Dobrzyński atagona kale m'manda. Kenako nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inapsereza mzindawo, mapepala ambiri a nyimbo n'kupita ndi moto.

Pempho langa kwa achinyamatawa ndi limodzi: ajambule konsati yawo n'kuiika pa intaneti. Enafe tikiti ya ndege yopita ku Warsaw timangoionera kumaloto.