Mayunitsi anga athera pa wailesi ya magitala

Ndine mlonda pa geti ina ku Kabulonga, mu Lusaka, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Amene sanagwirepo ya ulonda sadziwa kuti wailesi ndi m'bale. Mu Juni, makala akatha pa mbaula cha m'ma 2 koloko usiku, chisanu cha Lusaka chikukulowa m'mafupa, chokusunga maso ndi kawailesi ka mabatire basi. Ndiye ndikamadandaula za wailesi musamati mdalayu wasowa chokamba.

Ine ndinakulira ku Mchinji, kufupi ndi malire, ndipo kwathu wailesi ya ku Zambia inkagwira ngati ya pakhomo. Inali nthawi ya Kamuzu, mwamuna wosunga tsitsi lalitali ankaonedwa ngati chigawenga, lamulo la kavalidwe la 1973 lili pamsana. Koma tsidya lino anyamata ankaliza gitala ngati yalumidwa ndi njuchi. Kaunda anali atalamula kuti nyimbo 95 pa 100 iliyonse pa wailesi zikhale za m'dziko muno, ndiye anatchuka kwambiri magulu: WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya, Ngozi Family, malekodi akudindidwa ku Ndola. Achimwene anga ankatsitsa voliyumu kuti abambo asamve, ife titaunjikana pamphasa, iwo akulumbira kuti Paul Ngozi, mtsogoleri wa Ngozi Family, amaimba gitala ndi mano. Rock ya ku Zambia imeneyo, yotchedwa Zamrock, ndinaidziwa ndisanaone ngakhale Chipata.

Ndiye nditamva kuti muno muli wailesi ina yodzitcha ya rock, ndinati eya, ndafika kwawo kwa nyimbo zanga. Kaya! Usiku wonse ndi azungu okhaokha akukuwa m'Chingerezi, muulutsi naye akupinda lilime ngati anabadwira ku America, chonsecho mwina anakwera minibasi ya ku Matero pobwera kuntchito. Sindikukana, zina mwa nyimbozo ndi zokoma. Koma mwezi wathunthu osamvako gitala imodzi ya kuno?

Lachisanu lina ndinalimba mtima. Ndinathira mayunitsi a K20, amene kuno amati talktime, ndalama yoti ndikanaphatikiza pa zotumiza kwa mayi a ana kumudzi. Anandiimika pa foni mpaka khutu kutentha. Atayankha ndinapereka moni mwaulemu wake, ndikupempha kuti atiikireko ya Ngozi Family. Mnyamatayo anaseka, kuseka pa mphepo dziko lonse likumva. Akuti, "Ba mudala, mwachokela kuti? Nyanja yanu ni ya mu Baibulo!" Ndinanama kuti ndine wa ku Katete. Mapepala anga anali asanatuluke nthawi imeneyo, ndipo munthu wobwera sutchula kwanu pa wailesi. Kenaka akuti gulu limenelo mulibe mu kompyuta yawo, ndipemphe ina. Ndisanayankhe foni inaduka, mayunitsi atha.

Mulibe mu kompyuta! Paul Ngozi anamwalira mu 1989, ku Kabwata kuli msewu wa dzina lake, koma mwana woulutsa rock mu Lusaka momwemuno alibe nyimbo yake. Ndipo tauni ino si yachilendo pa za wailesi. Anayamba kuulutsa mawu kuno mu 1941, agogo athu ku Nyasaland ankamvera Lusaka pa kawailesi kaja kooneka ngati sefuliya, Chinyanja chomwechi chimene lero akuti n'cha m'Baibulo. Kuyambira pamene Radio Phoenix inatsegulidwa mu 1996 mawailesi achuluka ngati bowa, ukangopotoza pang'ono wapeza ina, koma kuchuluka kwakeko ine sikunandipindulire.

Chondipweteka kwambiri chinachitika mwezi watha. Mwana wa abwana wabwera kutchuthi kuchokera ku London, waika sipika pakhonde, ndikumva gitala ija ya pamphasa ku Mchinji. Ndinasiya geti n'kuyandikira. Akundionetsa lekodi yatsopano ya WITCH, yodindidwanso kunja, akuti anzake achizungu ndiwo anamudziwitsa, ndipo Jagari Chanda, woimba wa gululo, masiku ano amakaimba ku Ulaya ndi ku America anthu n'kudzaza. Ndinamuuza kuti nyimboyi ndinaimva bambo ake asanamere ndevu. Anangoti, "Sure, ba uncle?" n'kundituma kuti ndikatsegulire galimoto ya mnzake imene inkaliza hutala pa geti.