Fizi ya ku Harvard ndi mabanja opezako bwino ku America

Makolo anzanga amene muli ku America, makamaka inu amene nonse awiri muli pa ntchito zabwino, tiyeni tikambirane za fizi ya ana.

Chaka chimodzi pa Harvard, kuphatikiza fizi, pogona, chakudya ndi zina, tsopano chikudutsa madola 85,000, pomwe banja wamba ku America limapeza madola 80,000 ndi kanthu pachaka, msonkho usanadulidwe. Kholo likangomva ndalamayi limagwa ulesi n'kuuza mwana kuti asayerekeze n'komwe.

Komatu mtengo wolembedwawo si umene ambiri amalipira. Mu March 2025 Harvard idalengeza kuti banja lopeza madola osapitirira 200,000 pachaka silizilipira fizi ya maphunziro, ndipo lopeza osapitirira 100,000 silizilipira chilichonse, ngakhale pogona ndi chakudya. Yunivesite ina yotchuka ya MIT idali itanena kale zofanana mu November 2024. Angathe kutero chifukwa thumba lawo ndi lonona. La Harvard lokha lidali ndi madola oposa 53 biliyoni mu 2024.

Amene ndimawamvera chisoni ndi omwe ali pamwamba pang'ono pa malirewo, kapena amene mwana wawo watengedwa ku koleji yodula yomwe ilibe thumba lotere. Taganizirani mayi namwino amene amalowa mashifiti ausiku owonjezera, bambo ali ku ntchito ya makompyuta, onse pamodzi n'kufika 230,000. Pa pepala ndi anthu olemera. Fomu ya CSS Profile, yopemphera thandizo la fizi ku makoleji otere, ifunsa za ndalama zosunga, ifunsa mtengo wa nyumba, ndipo masukulu ambiri amawerengera nyumbayo ngati chuma choti n'kulipirira fizi. Koma ndalama imene imapita kumudzi mwezi ndi mwezi, ya mankhwala a agogo, ya feteleza, fizi ya ana a malemu achimwene, maliro akagwa, sukulu siingaidziwe pokhapokha mutainena nokha. Kuwonjezera apo, kuyambira 2024 fomu ya boma ya FAFSA idasiya kupeputsira banja lomwe lili ndi ana awiri ku koleji nthawi imodzi.

Ine maganizo anga ndi awa. Mwana ngati ali ndi mutu, alembere ndithu, musamutsekere chitseko chifukwa cha mtengo umene mwina simudzalipira. Kalata ya thandizo ikabwera, musachite manyazi kulembera ofesi yoona za thandizolo kuti ayang'anenso. Tumizani malisiti onse a ndalama zopita kumudzi. Kusamalira abale si chinthu chobisa.

Koma akakana, mpata n'kutsalabe waukulu, chonde musathamangire ngongole ya boma ya makolo yotchedwa Parent PLUS kuti mugule dzina la sukulu. Ngongoleyi imalembedwa m'dzina lanu, osati la mwana, chiwongoladzanja chake chili cha m'ma 9 peresenti, ndipo imapeza munthu ali ndi zaka 50, nthawi yoti azisungira ukalamba. Kholo lomwe lamira m'ngongole lidzatsamira mwana yemweyo akangoyamba ntchito.

Mayunivesite a boma alipo abwino zedi. Inu a ku Indiana muli ndi Purdue pakhomo pomwepo, yodziwika dziko lonse pa maphunziro a uinjiniya, ndipo kuchokera 2013 idakhala zaka zoposa khumi osakweza fizi ya ana a m'chigawocho, yomwe sidafike n'komwe madola 10,000 pachaka. Mwana wophunzira kumeneko palibe chimene wamanidwa.