Eni makoleji a pulaiveti mu Lilongwe muno, mwambo wanu ndi uti?

Makoleji a pulaiveti achuluka mu Lilongwe masiku ano. Ukakwera minibasi pa depoti kupita ku Area 25 kapena ku Likuni, zikwangwani zake umawerenga mpaka kutopa. Zimenezo sindidandaula nazo, chifukwa ana amene akhoza bwino MSCE koma dzina osatuluka ku mayunivesite a boma akufunika kolowera. Chondiwawa n'choti ambiri mwa makolejiwa ukawafunsa kuti munayamba bwanji, nanga mumaimira chiyani, amakupatsa kapepala ka fizi ndi chithunzi cha ana ovala mikanjo pa tsiku lolandira madigiri. Mbiri yawo imathera pomwepo.

Ndiloleni ndikuuzeni za koleji ina yaing'ono, Berea College, ya ku Kentucky m'dziko la America. Ophunzira ake sakwana 2,000. Ndi ya pulaiveti, ya mtundu uja umene mwana saphunzirako ntchito imodzi yokha: amalawa mbiri, sayansi, masamu, zolembalemba ndi zachipembedzo, kenako n'kuzama pa chimene wasankha.

Anaiyambitsa m'chaka cha 1855 ndi m'busa John G. Fee, amene bambo ake omubereka anali ndi akapolo. Nthawi imeneyo ukapolo unali wololedwa ku Kentucky, koma iye anafuna sukulu imene wakuda ndi mzungu, mwamuna ndi mkazi, adzakhale m'kalasi imodzi. Mawu amene kolejiyi imayendera mpaka lero anawatenga pa Machitidwe 17:26, onena kuti Mulungu analenga mitundu yonse ya anthu kuchokera kwa mmodzi. M'chaka cha 1859 anthu okonda ukapolo anamuthamangitsa pamodzi ndi anzake, sukulu n'kutsekedwa. Nkhondo yapachiweniweni itatha anaitsegulanso, ndipo ana a anthu amene dzulodzulo anali akapolo analowa m'kalasi ndi ana a azungu osauka a kumapiri. Mmodzi wa amene anamaliza kumeneko mu 1903 ndi Carter G. Woodson, yemwe pambuyo pake anayambitsa sabata yokumbukira mbiri ya anthu akuda, imene lero inasanduka mwezi wathunthu wa Febuluwale ku America.

Mu 1904 aphungu a ku Kentucky anakhazikitsa lamulo loletsa akuda ndi azungu kuphunzira pamodzi. Berea inakana, analipitsidwa chindapusa cha madola 1,000, nkhani inakafika ku bwalo lalikulu la dzikolo, ndipo mu 1908 inagonja. Ophunzira akuda anayenera kuchoka. Kolejiyi inathandiza kumanga sukulu ina, Lincoln Institute, kuti anawo asasowe kophunzira, ndipo lamulo litasinthidwa mu 1950 inawatseguliranso zitseko. Nkhani imeneyi ili ndi pochititsa manyazi, koma saibisa, amaifotokoza okha.

Tsono chimene chandilembetsa zonsezi ndi ichi: kuyambira 1892, Berea silipiritsa fizi ya maphunziro. Imatenga ana ochokera m'mabanja osowa, ndipo wophunzira aliyense amagwira ntchito pa koleji pomwepo maola osachepera 10 pa sabata. Wina ali ku munda wa koleji, wina kukhitchini, wina ku laibulale, wina akulandira alendo pa hotela yawo yotchedwa Boone Tavern. Ena amaluka nsalu, amapala mipando, amamanga matsache ogulitsa. Ntchitoyo imalembedwa, moti pomaliza mwana amatuluka ndi digiri komanso umboni woti anagwirapo ntchito zaka zonsezo. Alinso ndi tsiku limodzi pa chaka lotchedwa Mountain Day, pamene makalasi amaima, aphunzitsi ndi ophunzira n'kukwera phiri limodzi.

Mwana wa achemwali anga anali pa koleji ina mumzinda muno, dzina sinditchula. Sabata ya mayeso anamata mndandanda wa mayina pa khoma la ofesi ya akaunti, ndipo lake linalipo: ali ndi balansi, salowa. Ndinapita naye kukapepesa. Tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa, iye atakumbatira kope lake lokutidwa ndi pepala la pulasitiki, akuwerengabe chamumtima ngakhale anzake anali atalowa kale. Pabwalo pomwepo panali anyamata a kampani ina akutchetcha udzu ndi zikwakwa, ena akuthirira maluwa. Mwanayo anandinong'oneza kuti, "Amalume, ntchito iyi bwenzi atatipatsa ife, n'kumadula ku fizi." Mwana amene uja anakulira kumudzi, khasu amalidziwa, kuphika phala la anthu makumi asanu sikungamuvute. Sanapemphe za ulere ayi. Anangosowa njira yolipirira ndi chimene anali nacho, ndipo chaka chimenecho chinamuthera pakhomo.

Ndikudziwa chimene ena mundiyankhe m'munsimu: kumeneko n'ku America, ndalama zilipo. Zoona, Berea ili ndi thumba la ndalama zoposa madola 1 biliyoni, zimene anthu akufuna kwabwino akhala akuponyamo kwa zaka zambiri, ndipo phindu lake ndi limene limaphunzitsa ana. Palibe koleji ya kuno imene ingathetse fizi mawa, aphunzitsi nawo ali ndi lendi ndi ana. Koma taganizani chimene chinayamba: thumbalo kapena mwambowo? Berea inayambira m'kanyumba ka chipinda chimodzi. Anthu anayamba kupereka chifukwa anaona kuti malowa ali ndi chimene akuimira ndipo sasintha mawanga. Ndani angasiyire chuma chake koleji imene sadziwa kuti zaka khumi zikubwerazi idzakhala ili pompo kapena idzasanduka malo ogona alendo?

Ndiponso zimenezi si zachilendo kwathu kuno. Mu 1894 Dr Robert Laws anatsegula Overtoun Institution ku Khondowe, ndipo ophunzira ake ankaphunzira za m'buku komanso ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku ndi ulimi. Manja ndi mutu zinkayendera limodzi. Kumeneko n'kumene kunachokera Levi Mumba, mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, komanso Clements Kadalie amene anakayambitsa bungwe la ogwira ntchito ku Cape Town mu 1919. Pamene Yunivesite ya Livingstonia inkatsegulidwa mu 2003 inali ndi poponda. Mumzinda muno, African Bible College ya ku Area 47 ilipo kuyambira 1991, ndipo ili ndi wailesi ndi chipatala pamalo pomwepo. Zinthu zotere zimachititsa kuti anthu oyandikana nayo aziiona koleji ngati yawo.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Koleji iliyonse ipatule malo ochepa chaka chilichonse a ana osowa amene azilipira gawo la fizi ndi ntchito: ku laibulale, ku chipinda cha makompyuta, kudimba, kukhitchini. Zilembedwe m'malamulo a koleji, osati zidalire mtima wa bwana amene alipo chaka chimenecho, ndipo maola akhale owerengeka kuti mwana asasanduke waganyu wosalowa m'kalasi. Mbiri yanunso ilembeni, pamene oyambitsa akadali moyo: kalasi yoyamba inali ndi anthu angati, munabwereka nyumba ya yani, chaka chiti munatsala pang'ono kutseka. Ana atsopano azimva zimenezi sabata yoyamba, asanamve za tsiku lomaliza kulipira. Za kukwera phiri nazo n'zotheka, la Nkhoma ndi la Bunda ali pafupi pompa.

Makolo anzanga, tikamapita kukatenga mafomu timafunsa ngati koleji ili yovomerezeka ndi NCHE, bungwe la boma loyang'anira makoleji ndi mayunivesite, ndipo n'koyenera kutero. Tiwonjezerepo funso lina: mwana wanga akadzalephera kumaliza fizi teremu ina, mumatani naye? Ngati mukudziwa koleji ya mu Lilongwe muno imene imalola ophunzira kugwira ntchito m'malo mwa gawo la fizi, ilembeni apa, chifukwa mwana wa achemwali anga akufunabe kubwerera kusukulu.