Vanishi akakana kuuma, musathamangire kunyoza botolo

Maganizo anga lero akupita kwa anzanga amene timamanga timagalimoto, tindege ndi tiakasinja tapulasitiki, tija timabwera m'bokosi tili zidutswazidutswa. Dandaulo lake ndi lomwelomwelo: ndapopera vanishi, sabata yatha, koma kagalimoto kakumatabe m'manja, ndiye kuti andigulitsa vanishi wabodza. Abale, nthawi zambiri botolo lilibe mlandu. Wolakwa ndi mwini dzanja, ndipo ndikunena izi ine wolakwa mnzanu.

Chaka china mu Julaye, chiperoni chitakuta Blantyre, ndinapenta kagalimoto ka 1/24 (kochepa maulendo 24 poyerekeza ndi galimoto yeniyeni) ndi penti yofiira ya enamel. M'mawa mwake ndinakakhudza, ndinamva kuti kauma gwa. Mtima unathamanga. Ndinapopera vanishi wambiri nthawi imodzi kuti kawale ngati galasi, ndipo kanawaladi. Patatha masabata awiri ndinakanyamula kuti ndiikeko magalasi, chala changa chachikulu n'kudinda padenga ngati ndikusainira ngongole. Nditanunkhiza, kanali kakununkhabe penti.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti kuuma ndi kukhwima n'zosiyana. Penti ya lacquer, monga Mr. Color, imauma thinner wake, mankhwala osungunulira penti aja, akauluka, ndipo sachedwa. Ya acrylic, monga Vallejo kapena timabotolo tozungulira ta Tamiya tija tolembedwa X ndi XF, nayonso imadikira kuti madzi kapena alcohol zichoke. Koma enamel, ngati ija ya m'tizitini ta Humbrol ta 14 ml, ili ndi khalidwe lake. Thinner akachoka ntchito imakhala isanathe, pentiyo imafunika mpweya wa oxygen kuti ilimbe mpaka mkati, ndipo zimenezi zimatenga masiku, mwina sabata kapena kupitirira kukakhala kozizira. Tsono ine ndinaivundikira ndi vanishi isanapume. Zili ngati phala lomwe lachita khungu pamwamba koma pansi likadali lamadzi.

Khungu lomwelo limachitikanso ndi vanishi payekha mukamuthira mokhuthala. Pamwamba pamauma msanga n'kutsekera thinner mkati, ndiye amatuluka pang'onopang'ono ngati munthu wobweza ngongole monyinyirika. Kupopera mopyapyala katatu, n'kumadikira pakati, kumatha msanga kuposa kukhuthula kamodzi. Ndikudziwa kuti sizikoma kumva, pakuti tonse timafuna kuwala kuja lero lomwe.

Nyengo nayo si yochezera. Kukazizira zonse zimachedwa, ndipo chinyezi chikachuluka vanishi wa lacquer amachita mbuu ngati nkhungu, chifukwa thinner pouluka amaziziritsa pamwamba ndipo tinthunzi ta madzi timatsekeredwa mmenemo. Tsiku la mvula kapena la chiperoni ndi lomata zidutswa ndi kupala ndi sandpaper, osati lopopera.

Pali vuto lina limene kudikira sikungathetse, ndipo apa ndi pomwe anthu amataya miyezi pachabe. Matayala ofewa aja, matcheni ofewa a tiakasinja tina, ndi zidole zina za vinyl, pulasitiki yofewa ija, zimakhala ndi mankhwala ofewetsa pulasitikiyo. Mankhwalawa sagwirizana ndi enamel. Mukapaka enamel kapena vanishi wa mtundu umenewo pa vinyl, padzakhala pakumata mpaka mwana wanu adzakwatire. Pa zinthu zofewa zoterezi gwiritsani acrylic, kapena zisiyeni osapaka kanthu. Matayala a kagalimoto safuna vanishi n'komwe.

Ndiye kuli vanishi wa 2K, amene omanga timagalimoto amamukonda chifukwa amawala ngati galimoto yeniyeni. Ameneyu salimba ndi mpweya, amalimba ndi hardener, mankhwala olimbitsira amene mumasakaniza naye. Mukapereweza hardener, kapena mukagwiritsa ntchito wakale amene analowa chinyezi m'botolo, vanishiyo amakhala wofewa ndipo palibe pemphero lomwe lingamulimbitse. Muyezo wake walembedwa pa botolo, tsatani umenewo, musayeze ndi maso ngati mchere wa ndiwo. Komanso hardener ameneyu ali ndi isocyanate, woopsa m'mapapo, choncho kansalu kapamphuno sikokwanira ndipo musapopere m'chipinda chogona ana.

Za thinner ndingonena mwachidule. Penti iliyonse ili ndi wake. Kuthira white spirit, yemwe ndi thinner wa enamel, mu acrylic wamadzi kumapanga zinthu zonanda ngati therere. Ndipo lacquer wothiridwa monyowa pamwamba pa enamel amadya pentiyo mpaka kuchita makwinya. Vanishi wosawala uja mumutakase bwino, chifukwa ufa wochotsa kuwala umakhazikika pansi pa botolo.

Nanga zikachitika kale? Choyamba, manja m'thumba. Musapoperenso vanishi wina pamwamba poganiza kuti aphimba, mukungowonjezera chivundikiro pa mphika womwe ukufuna kutulutsa nthunzi. Kaikeni pamalo ofunda, ouma, opita mphepo, mukavundikire ndi bokosi loboola kuti fumbi lisakakamire. Ena amagwiritsa ntchito makina oumitsira zipatso pa madigiri 40 a Celsius kapena kuposerapo pang'ono. Koma padzuwa la Okutobala kapena m'galimoto yotsekedwa ayi, pulasitikiyo idzapindika. Dikirani masabata awiri kapena atatu, muzinunkhiza. Fungo likamachepa ndiye kuti zikuyenda, kuona maso a nkhono n'kudekha. Likatha fungo koma kumata kulipobe, vomerani, chotsani zonse muyambirenso. Isopropyl alcohol amachotsa acrylic, ndipo enamel ambiri amamuchotsa ndi mankhwala otsukira uvuni kapena brake fluid. Valani magolovesi, yesani kaye pa kachidutswa kotsala, ndipo magalasi a kagalimoto asayandikire.

Ena adzati nanga vanishi wowonongeka kulibe? Alipo, makamaka amene wakhalitsa pa shelefu kapena wosatsekedwa bwino. Koma mungadziwe bwanji musanamuyese payekha? Apa ndi pomwe ndimakangana ndi anzanga. Munthu wagula bokosi la mtengo wapatali, mwina wachita kutumiza m'bale wake ku Johannesburg, wakhala miyezi iwiri akumata tizidutswa, koma akukana kuwononga kasupuni kapulasitiki kamodzi. Ine masiku ano chilichonse chopita pa kagalimoto chimayamba chapita pa masupuni awiri. Pa imodzi ndimapaka penti yomweyo, tsiku lomwelo, kenako vanishi. Pa inayo vanishi yekha. Kumbuyo ndimalemba tsiku. Chikhadabo changa chimakanda supuni, osati denga la galimoto. Ya vanishi yekha ikauma koma inayo ikumata, vuto lili pa penti ya pansi. Zonse ziwiri zikamata, pamenepo nyozani botolo, ndidzakuthandizani kunyoza.

Kofiira kaja sindinakachotse penti. Kali pa shelefu mpaka lero, chidindo cha chala changa chili padenga, ndipo alendo akafunsa ndimati ndi siginecha ya mmisiri.